Njuchi Zaunjikana Pakhomo la Mng'oma: Zikuthawa Kapena Zikungopitidwa Mphepo?

Okutobala akangofika pakati, mafoni a ife alimi a njuchi kuno ku Nkhotakota amayamba kulira madzulo. Nkhani yake imakhala imodzimodzi: njuchi zatuluka zonse, zili panja, zikuthawa. Chaka chatha anandiimbira ndi mayi wina wa m'kalabu yathu, amene anali atangoyamba kumene ulimiwu ndi ming'oma itatu ya matabwa a malayina. Mawu awo ankachita kunjenjemera. "Achimwene, bwerani msanga. Ndasonkha kale moto kuti ndizifukize utsi zibwerere m'kati."

"Mayi, zimitsani motowo, ndipo musazikhudze. Ndikubwera."

Ndinafika dzuwa litapendeka. Mng'omawo unali m'mphepete mwa munda wa chinangwa, pansi pa mtengo wa mango umene ana anali atausadza nthambi za kumadzulo, ndiye dzuwa la masana onse linkamenya pa chivundikiro cha lata. Kumaso kwa bokosilo thabwa silinkaoneka, kunali bii ndi njuchi. Zina zinali zitagwirana miyendo n'kulendewera pansi pa khomo ngati ndevu za nkhalamba, kutalika kwake kuposa chikhatho changa. Koma panalibe phokoso la mkwiyo. Zinali duu, zina zikuyenda pang'onopang'ono pamwamba pa zinzake, zina zikupukutana. Ndinanyonyomala chapambali, n'kutola kanthenga ka nkhuku, n'kukayandikitsa pa kabowo kamodzi ka khomo. Kanthengako kanapepeluka kuloza kunja. Nditaika kuseri kwa dzanja ndinamva kamphepo kofunda konunkhira uchi wosapsa. Chivundikiro nditachigwira chinali chikadali moto.

Ndinawauza mayiwo kuti njuchi zawo sizikupita kulikonse. Zikungochita zimene ife timachita usiku wa chilimwe, tikamatulutsa mphasa kukagona pakhonde chifukwa m'nyumba ya malata mwasanduka ng'anjo.

Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mwambiwu umandigwira mtima pankhani imeneyi, chifukwa kuunjikana kwa njuchi pakhomo si chinthu chimodzi. Chigulu chimene maso osazolowera amachiona ngati chofanana chikhoza kukhala kutentha, ana akuphunzira kuuluka, nkhondo ya akuba, kugawikana kwa banja, kapena msamuko weniweni. Mankhwala a chimodzi ndi poizoni wa chinzake. Amene wathamangira utsi njuchi zikungozizira waziwonjezera moto. Amene wakhala chete mng'oma ukubedwa adzapeza zisa zokhazokha. Ndiye musanachite kanthu khalani pansi chapambali, osati kutsogolo kwa njira yawo, muyang'ane kwa mphindi khumi. Onani nthawi imene zachitika, kumene mitu ya njuchi yaloza, ngati pali zomenyana, ndiponso ngati zobwera kuthengo zikulowa ndi mungu m'miyendo.

Tiyambe ndi kutentha, poti kuno kunyanja ndiye gwero la zambiri.

Pakati pa mng'oma, pamene pali mazira ndi ana, njuchi zimasunga kutentha kwa madigiri 34 kapena 35, usana ndi usiku, chilimwe ndi nthawi ya mwera yomwe. Mwana wa njuchi yantchito amatenga pafupifupi masiku 21 kuchokera pa dzira kufika potuluka m'kachipinda kake, ndipo masiku onsewo amafuna kutentha komweko. Kukapitirira madigiri 36 kwa nthawi yaitali ana amayamba kulumala, ena kufa. Tsono taganizirani Nkhotakota kapena Salima mu Okutobala ndi Novembala, masiku amene ngakhale pamthunzi pamatentha kupitirira madigiri 35. M'bokosi muli njuchi 30,000 kapena kuposa, iliyonse thupi lake likutulutsa kutentha, ana nawonso akutulutsa kwawo, pamwamba pali lata. Popanda chochita, banja lonse likhoza kupsera momwemo.

Choyamba zimakupiza. Mukayang'anitsitsa pakhomo mudzaona njuchi zitaima pamzere, mitu italoza m'kati, miyendo itagwira thabwa zolimba, mapiko akuthamanga mpaka osaoneka. Zimenezo zikukoka mpweya wotentha kuutulutsa kunja, ndipo m'kati mulinso zina zikupatsirana mpweyawo kuchokera pakati pa zisa. Ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anafalitsa mu 2019 zimene anapeza atayeza mphepo pakhomo la ming'oma: zokupizazo sizimwazikana paliponse, zimasonkhana mbali imene mpweya wake watentha kwambiri, n'kusiya mbali ina yopanda wokupiza kuti mpweya wozizirirapo ulowerepo. Palibe kapitawo amene amazigawa. Iliyonse imangomva kutentha pamene yaima, n'kuyamba kapena kusiya. Ine ndinaziona ndi kanthenga komwe kaja: pa mabowo awiri a kumanzere kankakankhidwira kunja, pa bowo la kumapeto kumanja kankakokedwera m'kati.

Chachiwiri ndi madzi. Njuchi zina zimasiya maluwa n'kusanduka otunga madzi. Zikafika nawo zimapatsira za m'nyumba, zimene zimawapaka timadontho pa zisa ndi pa milomo ya tizipinda ta ana, ndipo mphepo ya zokupiza ija ikamaumitsa madziwo m'kati mumazizira, monga madzi a mumtsuko wadothi amazizirira chifukwa mtsukowo umachita thukuta. Katswiri wa ku Germany, Martin Lindauer, wophunzira wa Karl von Frisch (von Frisch ndiye analandira mphoto ya Nobel mu 1973 chifukwa cha kafukufuku wa njuchi), anayesa zimenezi m'zaka za m'ma 1950. Anaika mng'oma padzuwa pa miyala yakuda ya chiphalaphala pafupi ndi Salerno ku Italy, pamene pankatentha mpaka madigiri 70, ndipo njuchizo zinasungabe madigiri 35 m'kati malinga ngati madzi anali pafupi. Mng'oma wamphamvu umatha lita imodzi ya madzi kapena kuposa pa tsiku lotentha. N'chifukwa chake mu Okutobala amayi amadandaula kuti njuchi zadzaza pa mjigo ndi pa thandala la mbale. Sizikufuna munthu, zikufuna madzi a ana.

Chachitatu ndicho chimaopsa alimi atsopano. Kukupiza ndi madzi zikachepa mphamvu, njuchi zikuluzikulu zimene zilibe ntchito m'kati panthawiyo zimatuluka. Zikatero zachotsa matupi awo ofunda, ndiponso zatsegula mipata ya pakati pa zisa kuti mphepo idutse. Mpata umenewo ndi waung'ono zedi, mamilimita 6 mpaka 9, ongokwana njuchi ziwiri kudutsana misana. Njuchi zikadzazamo mphepo siyenda. Ndevu zija zimakula madzulo chifukwa ndi nthawi imene zonse zopita kuthengo zabwerera, pamene matabwa akadali ndi moto wa masana. Ndipo ngati ndi nyengo imene mitengo ya mombo ndi tsamba yachita maluwa, pali chifukwa china chokoma: timadzi ta m'maluwa timabwera ndi madzi ochuluka, nthawi zambiri opitirira theka, pamene uchi wakupsa umatsala ndi madzi pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse. Madzi otsalawo ayenera kuuluka, ndipo ntchito yake yaikulu imagwirika usiku. Mukapita ku ming'oma usiku wa nyengo imeneyo mudzamva kulira kwa "wuuu" muli patali, ndi fungo la uchi mphepo ikaomba. Kwa ine palibe nyimbo yoposa imeneyo. Mng'oma wotero ndi umene udzakupatseni ndowa mu Disembala.

Chizindikiro chake n'chosavuta. Njuchi za kutentha zimakhala zofatsa, sizimenyana, ntchito ya masana imayenda bwinobwino, ndipo mukadzuka m'bandakucha, nkhuku zisanatsike, mupeza zambiri zalowa. Mayi aja ndinawapempha kuti akaone m'mamawa. Anandiimbira kusanache bwino, akuseka: pakhomo panali patatsala njuchi zosakwana chikhatho.

Komabe kunena kuti si ngozi sikutanthauza kuti mungozisiya. Njuchi imene yatha tsiku ikutunga madzi sinabweretse uchi, ndipo mng'oma umene ukupsa tsiku ndi tsiku umafika potopa n'kusamuka. Makolo athu ankapachika ming'oma ya makungwa m'mwamba mwa mtengo, mumthunzi, momwe mphepo imadutsa. Ming'oma imeneyo inkapha mitengo yambiri ya mombo ndi mchenga, poti kusenda khungwa mozungulira n'kupha mtengo, ndipo n'zabwino kuti tikuisiya. Koma pamene tinalandira mabokosi, ambiri tinataya nzeru ya malo. Tinaika mabokosi pafupi ndi nthaka, pamtetete, n'kuwavundikira lata. Kuzungulira nkhalango ya Nkhotakota, imene ndi yaikulu masikweya kilomita 1,800 ndipo bungwe la African Parks lakhala likuiyang'anira mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, alimi a njuchi atsopano achuluka, ndipo cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi chomwechi. Mng'oma umafuna dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana. Ngati mtengo palibe, mangani kachisakasa ka udzu, kapena yalani mtolo wa udzu wochindikala pamwamba pa lata, mutaika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Ikani beseni la madzi chapafupi pamthunzi, muponyemo timiyala kapena zitsononkho zoti njuchi ziziterapo, ndipo lisaume ngakhale tsiku limodzi, chifukwa zikalipeza louma zibwerera ku mjigo. Mabowo a khomo aoneni ngati sanatsekeke ndi utomoni kapena zinyalala. Zomwezi ndi zimene tinachita kwa mayi aja mawa lake, ndipo ndevuzo zinafupika.

Chimene simuyenera kuchita ndi kutsegula mng'oma masana. Ichi ndinachiphunzira ndi misozi. Chaka changa chachiwiri, mu Novembala, ndinapeza njuchi zitaunjikana panja dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinaganiza kuti mwina m'kati mwadzaza, ndichotseko uchi. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, koma limafewa kalekale lisanafike pamenepo, makamaka zisa zatsopano zoyera. Nditangokweza kathabwa kachitatu mwa timatabwa tapamwamba timene zisa zimalendewerapo, chisa chonse cholemera ndi uchi chinathothoka n'kugwera pa chinzake, chinzakecho n'kugwetsa china. Uchi unayenderera pansi pa bokosi, ana ndi njuchi zambiri zinamira momwemo. Usiku nyerere zinabwera. Patapita masiku awiri mng'oma unali wopanda njuchi. Amalume, amene anandiphunzitsa kufula, anabwera kudzaona, anayang'ana m'bokosimo nthawi yaitali, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, safunsa anadya phula. Njuchi zinali zikuzimitsa moto, iwe unadzazigwetsera denga." Kuyambira pamenepo nyengo yotentha ndimatsegula m'bandakucha kapena dzuwa litalowa basi.

Tsono pali chigulu china chimene chimabwera mwadzidzidzi masana, cha m'ma 2 kapena 3 koloko, kunja kukakhala bata. Njuchi mazanamazana zimangoti balala kutsogolo kwa mng'oma, phokoso lili pwirikiti. Yang'anani mitu. Ngati zikuuluka zitayang'ana mng'oma, zikupita uku ndi uku ngati pa katungwe, n'kumakulitsa bwalo pang'onopang'ono, amenewo ndi ana akuloweza kwawo. Njuchi imayamba moyo wake ndi ntchito za m'nyumba, kusesa, kudyetsa ana, kumanga zisa, ndipo isanayambe kupita kuthengo imatuluka kangapo kudzaphunzira maonekedwe a khomo, mtengo ndi chulu zoyandikana nalo. Pasanathe ola zonse zimalowa, kunja n'kukhala ngati sikunachitike kanthu. Nthawi zina pamakhala zina zitaima pakhomo, mbuyo zitadzutsa m'mwamba, zikukupiza. Izi n'zosiyana ndi zokupiza kutentha zija: zikuulutsa fungo lochokera ku kachiwalo ka kumapeto kwa mimba kotchedwa Nasonov, lofanana ndi la udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi, loitanira zinzawo kunyumba. Ndi chifukwa chake kupaka udzu umenewu m'bokosi latsopano kumakopa njuchi. Mukaona ana ambiri chonchi kondwerani, mfumukazi yanu inagwira ntchito mwezi wathawu. Nthawi yomweyo ya masana zimatulukanso njuchi zazimuna, zonenepa, za maso akuluakulu, zolira mokweza koma zopanda mbola.

Chofanana ndi masewera a anawa, koma choopsa, ndi kuba. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ming'oma yambiri yofooka imathera, ndipo mwini wake amakhala akuyamikira kuti njuchi zake zachuluka.

Maluwa akatha, njuchi za mng'oma wamphamvu zimayamba kununkhiza paliponse. Mudzaziona pa chigayo zikugubuduka mu gaga, chizindikiro choti mungu wasowa kuthengo. Cha ku Dwangwa zimadzaza pa mizimbe yodulidwa. Zikapeza mng'oma wofooka, kapena umene mlimi wadonthezera uchi pofula, zimakaitana zinzawo. Wakuba sabwera molunjika ngati mwini nyumba. Mwini nyumba amafika wolemedwa, amatera, n'kulowa osacheuka. Wakuba amazungulirazungulira mothamanga, miyendo ili lende, akuyesa apa, akuthawa, akuyesa apo. Mudzaona njuchi zitaunjikana pamene palibe khomo: m'ming'alu ya matabwa, pansi pa chivundikiro, kumbuyo kwa bokosi, paliponse pamene fungo la uchi likutulukira. Pakhomo alonda amakhala ataimika miyendo yakutsogolo, ndipo pamakhala ziwiriziwiri zitagwirana, zikugubuduzana mpaka kugwera pansi. Pansi pa mng'oma pamadzaza mitembo. Pathabwa la khomo pamakhala nyenyeswa za phula ngati madeya, chifukwa wakuba savundukula kachipinda mwaulemu, amang'amba. Zotuluka zimakhala zokhuta, zimayamba zakwera khoma pang'ono zisanauluke, ndipo zikauluka zimayamba zatsika chifukwa cha kulemera. Palibe imene ikulowa ndi mungu. Ndipo chipwirikiticho sichitha pa ola limodzi, chimapitirira mpaka mdima, n'kuyambiranso m'mawa kusanafunde.

Ngati mukukayikabe, pali njira yakale. Wazani ufa pang'ono pa njuchi zimene zikutuluka, kenako kaimeni pa ming'oma yanu ina. Mukaona zoyera mbuu zikulowa kwina, mwagwira wakuba ndi kwawo komwe.

Apa chofunika ndi kuchepetsa khomo msangamsanga, zosiyana kotheratu ndi za kutentha zija. Tsekani mabowo onse ndi udzu kapena timitengo, musiye limodzi lokwana njuchi imodzi kapena ziwiri, kuti alonda ochepa athe kuliteteza. Matani ming'alu ndi dothi kapena ndowe. Chitenje chonyowa chofunditsa mng'oma wonse chimasokoneza akuba pamene eni ake amapeza njira pansi pake, ndipo chimathandizanso kuti m'kati musatenthe khomo lili laling'ono. Utsi musayerekeze: umabalalitsa alonda omwewo amene mukufuna kuti alimbe. Pambuyo pake mudzifunse chifukwa chimene mng'omawo unafookera, poti wamphamvu sabedwa wamba. Kawirikawiri mfumukazi inafa kapena yakalamba. Ndipo samalani ndi anthu ndi ziweto tsiku limenelo. Njuchi zathu za mtundu wa scutellata zikakwiya zimatuluka mwaunyinji, ndipo imodzi ikaluma imasiya fungo longa la nthochi yakupsa loitana zinzake pamalo omwewo. Mbuzi yomangidwa pachingwe pafupi ndi ming'oma ilibe kothawira.

Nanga kugawikana kwa banja, kumene alimi ambiri amakuopa akaona ndevu? Kumachitika ndithu, makamaka maluwa akachuluka, mfumukazi ikamaikira mazira opitirira 1,000 pa tsiku mpaka malo kutha. Koma chizindikiro chake chenicheni chili m'kati, osati pakhomo. Mukatsegula m'mawa kukadali kozizira mudzapeza bokosi lodzaza mpaka kumapeto, ndipo m'mphepete mwa zisa mukulendewera tizipinda tatitali tonga chikhokho cha mtedza. Mmenemo akuleramo mafumukazi atsopano, amene amatenga pafupifupi masiku 16 okha. Kachipinda koyamba kakangotsekedwa, cha pa tsiku la 8 kapena 9, mfumukazi yakale imanyamuka ndi pafupifupi theka la banja. Kunyamukako sikuchitika madzulo mwakachetechete. Kumachitika dzuwa litakwera, njuchi zimakhuthuka pakhomo ngati madzi a m'ngalande, kumwamba kumada, ndipo pa mphindi zochepa zimakaunjikana pa nthambi yapafupi, pamene zimadikira azondi awo kuti apeze nyumba. Ndevu za pakhomo zikamakhalapo usana ndi usiku, ngakhale m'mawa kozizira kapena tsiku la mitambo, pamenepo ganizirani za kuchepa kwa malo. Fulani zisa zakupsa kuti mupereke mpata, kapena gawani banjalo nokha, ndipo mukhale ndi bokosi lopanda kanthu lopakidwa phula pamtengo wapafupi. Ambiri mwa ife ming'oma yathu tinaidzaza ndi magulu otere.

Msamuko ndi nkhani ina, ndipo ndi khalidwe limene njuchi za kuno ku Africa zimasiyana nalo kwambiri ndi za ku Ulaya. Za kumeneko zimapirira m'nyumba miyezi yachisanu zikudya nkhokwe. Zathu zikaona kuti malo aipa zimanyamuka zonse, osasiya ndi mlonda yemwe. Msamuko wa njala umakonzedwa mwakachetechete: mfumukazi imasiya kuikira, zimadikira ana otsala atuluke, zimadya uchi wonse, kenako ulendo. Pakhomo la mng'oma wotero sipakhala chigulu, pamakhala zii, ndipo masiku amatha osaona njuchi yolowa ndi mungu. Ndimawauza anzanga kuti khomo lodzaza lisamakusowetseni tulo. Limene liyenera kukudetsani nkhawa ndi khomo lozizira pakati pa ming'oma ina imene ikugwira ntchito.

Msamuko wadzidzidzi ndiye umabwera ndi chigulu panja, ndipo kuno mwini wake kawirikawiri ndi linthumbu, makamaka mvula ikayamba. Mukapeza njuchi usiku kapena m'mamawa zitamwazikana makoma onse a bokosi, osati kulendewera mwadongosolo pansi pa khomo, zikuthamangathamanga, zikulira mokwiya, yang'anani pansi ndi pa miyendo ya thandala limene mng'oma wakhalapo. Mudzaona mzere wofiirira ukukwera. Linthumbu limatha ana onse usiku umodzi. Dulani mzerewo ndi phulusa, lotentha ngati lilipo, koma chachikulu n'kuteteza zisanachitike: mng'oma upachikidwe pa waya wopakidwa girisi, kapena miyendo ya thandala iime m'zitini za oyilo wakutha, ndipo udzu kapena nthambi zisakhudze bokosi, chifukwa kaudzu kamodzi ndi mlatho wokwanira. Chiuli nachonso chikayesa mng'oma usiku chimasiya njuchi zili panja zolusa tsiku lonse. Mudzaona zikande pa matabwa. Moto wolusa wa m'chilimwe ukadutsa pansi pa mtengo zimachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake timalambula kuzungulira ming'oma udzu ukangouma.

Pali mdani wina wamng'ono amene alimi ambiri a m'mbali mwa nyanja samudziwa, ngakhale amakonda malo a mchenga ndi otentha ngati athu ano. Ndi kamavu kakang'ono kakuda ka mizere yoyera, kotchedwa Palarus latifrons, kamene kamakumba una wake mumchenga. Dzuwa likatentha kamatera pa mng'oma penipeni kudikira njuchi, kakaigwira kamailuma n'kupita nayo kukadyetsa ana ake. Timavuti tikachuluka njuchi zimaopa kutuluka. Mudzaziona zitathithikana m'mabowo a khomo, mitu itasuzumira kunja, osauluka, masana onse, n'kumagwira ntchito m'mawa ndi madzulo okha. Mlimi amadabwa kuti maluwa alipo koma uchi palibe. Mbale ya madzi othira timadontho ta parafini yoikidwa pansi pa khomo imagwira tambiri, poti timadziponyamo. Koma mankhwala okhalitsa ndi omwe aja, mthunzi: timavuti sitikonda ming'oma ya pansi pa mitengo yowirira.

Chigulu chomvetsa chisoni kuposa zonse ndi cha mankhwala a mbewu. Njuchi zimakhala pakhomo ndi pansi, zikukwawa, zikunjenjemera, zikuzungulira chagada, zambiri zitafa malilime ali panja, ndipo zimachitika tsiku limodzi m'ming'oma ingapo nthawi imodzi. Ndiye kuti wina wapopera thonje, nyemba, tomato kapena mango zili pamaluwa, dzuwa lili m'mwamba. Zimene zamwa kale simungazipulumutse. Chimene chimathandiza ndi kuyenda kukacheza ndi eni minda ndi madimba oyandikana nanu nyengo isanafike, n'kuwapempha mwaulemu kuti azipopera madzulo njuchi zitalowa, ndiponso azikuuzani tsiku lake. Ambiri amamva, makamaka mukawakumbutsa kuti maungu, mpendadzuwa ndi mango awo amabereka bwino chifukwa cha njuchi zomwezo. Botolo la uchi popita kumeneko silikhala lotayika.

Mwina mudzaonanso tsiku lina njuchi zitandandalika pa thabwa la kumaso, mitu pansi, zikusuntha kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ngati amayi akuzira pansi. Zisiyeni, sizivulaza kanthu.

Mayi aja tinakafula nawo sabata yachiwiri ya Disembala, mvula yoyamba itagwa, dzuwa litalowa. Mng'oma umene ankafuna kuufukiza utsi ndi umene unali wolemera kuposa iwiri inayo. Tinachotsa zisa zakumbuyo zotsekedwa bwino, za ana tinazisiya pamodzi ndi zina za uchi zoti zidye m'masiku a mvula yosalekeza ya mu Januwale. Potseka, iwo anatenga udzu wa pachivundikiro umene unali utayamba kuola, n'kuikapo mtolo watsopano, n'kupita kukadzaza beseni lija madzi.